Cilolezo ca Olemala Coimikira Galimoto Ndi ca Munthu Mmodzi, Si ca Banja Lonse

Munthu amene apezeka ndi mlandu wogwiritsa nchito molakwika cilolezo coimikira galimoto ca anthu olemala m'dziko la Britain angalipiritsidwe faindi yofika mapaundi 1,000, ndipo cilolezoco cingalandidwe. Lamuloli silipatula mwana, mkazi kapena mwamuna wa mwini cilolezo, ngakhale galimotoyo ikhale ya pabanja pomwepo.

Cilolezo cimeneci cimadziwika ndi dzina lakuti Blue Badge. Ndi khadi lobiriwira ngati thambo limene limaikidwa kuseri kwa galasi lakutsogolo la galimoto, ndipo limalola munthu wolemala kuimika galimoto pafupi ndi kumene akupita. Kumapeto kwa Malici 2024, m'cigawo ca England mokha munali zilolezo zotere zokwana 2.84 miliyoni, kutanthauza kuti anthu pafupifupi 5 mwa 100 alionse anali naco.

Nkhaniyi ikhudza mabanja a ku Zambia amene ali ndi abale okhala ku Britain, makamaka awo amene akusamalira makolo okalamba kapena ana olemala kumeneko. Ikhudzanso oyendetsa magalimoto m'dziko muno, popeza cizindikiro ca munthu wokhala pa njinga ya olemala cimaonekanso pamalo oimikapo magalimoto a masitolo akuluakulu mu Lusaka ndi m'mizinda ina.

Cifukwa cake malowa amapatulidwa

Malo oimikapo galimoto a anthu olemala amasiyana ndi malo ena m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kufupika kwa mtunda. Malowa amaikidwa pafupi ndi khomo la sitolo, cipatala, banki kapena ofesi, cifukwa alipo anthu amene kuyenda mamita 50 okha kumawapweteka, kumawathetsa mpweya, mwinanso kuwagwetsa. Mamita 50 ndi pafupifupi theka la utali wa bwalo la mpira.

Njira yaciwiri ndi kukula kwa malowo. Ku Britain malo wamba oimikapo galimoto imodzi amakhala mamita 2.4 m'lifupi ndi mamita 4.8 m'litali. Pamalo a olemala amaonjezerapo danga la mamita 1.2 m'mbali ndi kumbuyo, ndipo dangalo amalilemba mizere yopingasa.

Danga limeneli liri ndi nchito yake. Munthu woyenda pa njinga ya olemala afunika kutsegula citseko ca galimoto mpaka kumapeto, kuimika njingayo pambali pa mpando, kenaka kusuntha thupi lake kucoka pampando kupita panjinga. Magalimoto ena ali ndi cotsetsereka cotsikira kumbuyo cimene njinga imakwererapo. Woyendetsa wina akaimika galimoto yake pamizere yopingasayo, wolemala uja pobwera apeza kuti sangathe kulowa m'galimoto yake yomwe, ndipo ayenera kudikira mpaka mwini galimoto inayo atabwera.

Cizindikiro ca munthu wokhala panjinga cinajambulidwa koyamba mu 1968 ndi Susanne Koefoed, wophunzira za luso lojambula wa ku Denmark, ndipo bungwe la Rehabilitation International linacivomereza mu 1969. Cizindikiroco cimauza anthu kuti malowa ndi opatulidwa, koma sicingauze wapolisi kuti ndani ayenera kuimikapo. Nchito imeneyo ndi ya cilolezo.

Mmene dongosololi linayambira

Maziko a dongosololi ali m'lamulo la Chronically Sick and Disabled Persons Act la mu 1970, limene linabweretsedwa ku nyumba ya malamulo ya Britain ndi phungu wa ku Manchester, Alf Morris. Bambo ake a phunguyu anabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse atalemala, ndipo iye anakula akuona mabvuto a m'banja lotere. Mu 1974 anasankhidwa kukhala nduna yoyamba yoona za anthu olemala m'dzikolo.

Zilolezo zoyamba zinayamba kugwira nchito pa 1 Disembala 1971, ndipo zinali za mtundu wa lalanje. M'caka ca 2000 zinayamba kulowedwa m'malo ndi zobiriwira, potsatira cimene maiko a bungwe la European Union anagwirizana mu 1998, cakuti khadi la olemala lizioneka mofanana m'maiko onsewo.

Makhadi akale anali a pepala lolimba ndipo ankalembedwa ndi khonsolo iriyonse payokha, motero akuba sankabvutika kupanga abodza. Kuyambira pa 1 Januwale 2012 makhadi anayamba kusindikizidwa pamalo amodzi, ali ndi cidindo conyezimira, nambala yakeyake ndi cithunzi ca mwini wake. Pa 30 Ogasiti 2019 boma linakulitsa dongosololi m'cigawo ca England kuti lifikirenso anthu amene kulemala kwao sikuoneka ndi maso.

Amene ayenera kulandira cilolezo

Malamulo amasiyanako pang'ono pakati pa England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland. Zimene zalongosoledwa pano kwenikweni ndi za ku England. Kumeneko opempha amagawidwa m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi la anthu a zaka 3 kupita m'tsogolo amene amalandira cilolezo popanda kupimidwanso, cifukwa boma linawapima kale pa nkhani ina. M'gululi muli anthu olembedwa m'kaundula wa akhungu. Mulinso olandira thandizo la ndalama la Disability Living Allowance pa mlingo wapamwamba wa mbali ya kayendedwe, ndiponso olandira thandizo la Personal Independence Payment amene anapatsidwa mapointi 8 kapena kuposapo cifukwa sangathe kuyenda kupitirira mamita 50. Ena ndi olandira thandizo lomwelo amene anapatsidwa mapointi 10 pa cifukwa cakuti kuyamba ulendo ulionse kumawasautsa m'maganizo mopitirira muyeso, komanso asilikali ena amene analemala ali panchito.

Gulu laciwiri ndi la anthu amene khonsolo iyenera kuyamba yaunika nkhani yao. Awa ndi amene sangathe kuyenda konse, amene amayenda mobvutikira kwambiri cifukwa ca ululu kapena kubanika, ndi amene angadzibvulaze kapena kubvulaza ena akamayenda pafupi ndi magalimoto. Mulinso woyendetsa galimoto amene manja ake onse awiri ndi olemala kotero kuti sangathe kugwiritsa nchito makina olipirira malo.

Mwana wosakwana zaka 3 angapatsidwenso cilolezo ngati matenda ake afuna kuti aziyenda ndi zipangizo zazikulu za cipatala nthawi zonse, kapena kuti azikhala pafupi ndi galimoto kuti athamangire naye ku cipatala zinthu zikabvuta. Mabungwe amene amasamalira ndi kunyamula anthu olemala angapemphenso cilolezo ca bungwe.

Pa gulu laciwirili khonsolo siyang'ana dzina la matenda. Imayang'ana mmene matendawo akusokonezera kuyenda kwa munthu kucokera pagalimoto kufika kumene akupita. Anthu awiri angadwale nthenda imodzi, wina n'kupatsidwa cilolezo, wina n'kukanidwa. Ukalamba paokha si cifukwa cokwanira. Nthawi zambiri khonsolo imatumiza wopempha kwa katswiri woona za kayendedwe ka thupi, amene amaona mtunda umene munthuyo angayende, liwiro lake ndi ululu umene akumva.

Munthu safunika kukhala ndi galimoto kapena laisensi kuti apatsidwe cilolezo. Wakhungu sayendetsa, mwana sayendetsa, koma onsewa amaciyenerera, ndipo angacigwiritse nchito m'galimoto iriyonse imene akwera, ngakhale takisi.

Kapemphedwe kake

Cilolezo cimaperekedwa ndi khonsolo ya dera limene munthu akukhala, kupatulapo ku Northern Ireland kumene cimaperekedwa ndi dipatimenti ya boma. Pempho lingatumizidwe kudzera patsamba la boma la pa intaneti kapena kuofesi ya khonsolo, ndipo wacibale angalembere munthu amene sangathe kudzilembera yekha.

Wopempha afunika kupereka cikalata comuzindikiritsa monga pasipoti, laisensi kapena cikalata ca kubadwa. Afunikanso umboni wa kumene akukhala, monga kalata ya msonkho wa khonsolo, cithunzi catsopano coonetsa nkhope ndi mapewa, nambala ya National Insurance ngati ali nayo, ndi umboni wa thandizo limene amalandira ku boma. A m'gulu laciwiri amaonjezerapo makalata a ku cipatala ndi mndandanda wa mankhwala amene akumwa.

Ku England khonsolo ingalipiritse ndalama zosapitirira mapaundi 10, ku Scotland zosapitirira mapaundi 20, pamene ku Wales cilolezoco ndi caulere. Yankho kawirikawiri limabwera mkati mwa masabata 12. Cilolezo cimakhala ndi mphamvu kwa zaka zosapitirira 3, ndipo sicidzikonzanso cokha. Mwini wake ayenera kupemphanso cakaleco cisanathe, cifukwa kuika pagalasi khadi lotha nchito kungamubweretsere cilango monga woyendetsa wina aliyense.

Pempho likakanidwa, khonsolo iyenera kulongosola cifukwa cake, ndipo wopemphayo angaipemphe kuti iunikenso nkhani yake, makamaka ngati ali ndi umboni wina umene sunaonedwe. Khadi likatayika mwini wake ayenera kudziwitsa khonsolo kuti ilifafanize m'kaundula ndi kupereka lina. Likabedwa ayeneranso kukanena kupolisi.

Kumene cilolezo cimagwira nchito

Anthu ambiri amalakwa poganiza kuti khadili limawalola kuimika paliponse. Mphamvu yake iri pamiseu ya boma basi, ndipo ngakhale pamenepo iri ndi malire.

M'mbali mwa mseu, pamalo amene ena amalipira pamakina, mwini cilolezo amaimika kwaulere kwa nthawi imene afuna. Pamalo opatulidwira olemala amaimikanso kwaulere popanda malire a nthawi, pokhapokha ngati cikwangwani ca pamalopo canena zina.

Ku Britain mizere yacikasu ya m'mphepete mwa mseu imaletsa kuimika galimoto. Mwini cilolezo amaloledwa kuimika pamizere imeneyi, kaya ndi umodzi kaya ndi iwiri, kwa maola osapitirira 3 ku England ndi ku Wales, pamene ku Scotland kulibe malire a nthawi. Akacokapo ayenera kudikira ola limodzi asanaimikenso galimoto yomweyo pacigawo comweco ca mseu.

Alipo malo amene cilolezo ciribe mphamvu konse. Pamene pali timizere tacikasu tolembedwa pamiyala ya m'mphepete mwa mseu, toletsa kukweza ndi kutsitsa katundu, mwini cilolezo saloledwa kuimikapo nthawi imene ciletsoco cikugwira nchito. Saloledwanso poolokera anthu oyenda pansi, poimira mabasi, m'njira za mabasi ndi za njinga pa maola amene zikugwira nchito, ndi pakhomo la sukulu pamene palembedwa kuti pasaime galimoto. Kuimika pakona, pamwamba pa citunda, pafupi ndi mphambano kapena potsekereza khomo la ena ndi kulakwa, ndipo wapolisi akalamula kuti galimoto icoke, iyenera kucoka ngakhale khadi liri pagalasi.

M'kati mwa mzinda wa London muli madera anai amene dongosololi siligwira nchito mokwanira cifukwa ca kuculuka kwa magalimoto. Maderawa ndi City of London, Westminster, Kensington and Chelsea ndi mbali ina ya Camden. Makhonsolo a kumeneko ali ndi makhadi aoao a anthu okhala kapena ogwira nchito m'maderawo. Mwini Blue Badge angamasulidwe ku msonkho wa Congestion Charge wolowera pakati pa mzindawo, koma ayenera kuyamba walembetsa ku bungwe la Transport for London.

Malo oimikapo magalimoto a masitolo akuluakulu, zipatala ndi mabwalo a ndege ali ndi malamulo aoao. Ambiri amapatula malo a olemala ndipo amafuna kuti khadi lionekere, koma ena amalipiritsa ngakhale mwini cilolezo. Pa cifukwa ici woyendetsa ayenera kuwerenga cikwangwani ca pakhomo asanacoke pagalimoto.

Kaikidwe ka khadi

Khadi liyenera kuikidwa pamwamba pa dashibodi pamene lingawerengeke bwino kudzera pagalasi lakutsogolo. Mbali yokhala ndi cizindikiro ca njinga, nambala ndi tsiku lothera ndiyo iyang'ane kumwamba. Mbali ya cithunzi ca mwini wake iyang'ane pansi, kuti odutsa asadziwe nkhope ya mwini galimoto.

Pamodzi ndi cilolezo pamabwera kakhadi kena kooneka ngati koloko. Poimika pamizere yacikasu kapena pamalo okhala ndi malire a nthawi, woyendetsa amatembenuza kolokoyo kuti ionetse nthawi imene wafika, ndipo amaiika pambali pa cilolezo. Kuiwala koloko, kuika khadi cozondoka kapena kugwiritsa nchito khadi limene zilembo zake zinafufutika ndi dzuwa kungabweretse cilango ngakhale kwa munthu amene ndi wolemaladi. Khadi lofufutika liyenera kubwezedwa ku khonsolo kuti ipereke lina.

Apolisi ndi oyang'anira malo oimikapo magalimoto ali ndi mphamvu yopempha kuona khadi, ndipo kukana popanda cifukwa comveka ndi mlandu. Lamulo la Disabled Persons' Parking Badges Act la mu 2013 linapatsa oyang'anira a khonsolo mphamvu yolanda khadi limene akulikayikira kuti ndi labodza, lofafanizidwa kapena likugwiritsidwa nchito ndi munthu wina. Linalolanso kuti ena mwa iwo azigwira nchito osabvala yunifomu.

Pamene mabanja amagwera m'mlandu

M'mabanja ambiri a ku Zambia katundu wa m'nyumba ndi wa onse. Khasu, njinga, foni ngakhale galimoto zimabwerekanidwa popanda kufunsana zambiri, ndipo kumana m'bale cinthu kumaoneka ngati kuuma mtima. Khadi limeneli silingalowe m'mwambo umenewo. Linalembedwa dzina ndi cithunzi ca munthu mmodzi, ndipo limaikidwa pagalasi pokhapokha munthuyo ali m'galimoto monga woyendetsa kapena wokwera, kapena pamene wina waimika kuti amutsitse kapena kumutenga pamalo pomwepo.

Mwacitsanzo, mwana wamkazi amene wanyamula amai ake olemala kupita nao ku cipatala ali ndi ufulu woimika pamalo a olemala, kuwaperekeza m'kati, ndi kubweranso kudzaimika pomwepo powatenga. Koma akacoka pacipatalapo n'kupita kukagula zinthu amai ake atatsala, khadilo liyenera kucoka pagalasi.

Sizisintha kanthu ngakhale zinthu zimene akukagulazo zikhale za amai ake omwewo. Mwana wotumidwa kukatenga mankhwala kapena cakudya ca kholo lake, kholo liri kunyumba, saloledwa kugwiritsa nchito khadi. Mlendo wobwera kudzazonda wodwala saloledwanso kulibwereka kuti aimike kwaulere pafupi ndi nyumba. Malangizo a boma amaletsanso kuti mwini khadi atsale m'galimoto n'colinga cakuti mnzake wamphamvu apindule ndi malo a pafupi.

Maziko a zoletsa zonsezi ndi amodzi. Malowa anapatulidwa cifukwa ca mtunda umene wolemala sangathe kuyenda ndi danga limene afunika potsika. Ngati amene atsika m'galimoto ndi munthu wamphamvu, cifukwa cimeneco palibe, ndipo wolemala amene afika pambuyo pake amapeza malo atatha. Wotereyo angazungulire kwa nthawi yaitali, angaphonye nthawi yake yoonana ndi dokotala, kapena kubwerera kunyumba osacita cimene anadzera.

Mwini khadi akamwalira, banja liyenera kulibweza ku khonsolo. Kupitiriza kuligwiritsa nchito ndi mlandu, ndipo popeza nambala ya khadi lirilonse iri m'kaundula wa pakompyuta, woyang'anira angathe kufufuza ngati khadilo linafafanizidwa. Khadi liyeneranso kubwezedwa ngati mwini wake wacira kotero kuti sakuliyenereranso.

Kugwiritsa nchito khadi molakwika ndi mlandu pansi pa lamulo la Road Traffic Regulation Act la mu 1984, ndipo ndipo pamene pacokera faindi ya mapaundi 1,000. Wopanga khadi labodza kapena wonama pofuna kulipeza angazengedwe mlandu wa cinyengo pansi pa lamulo la Fraud Act la mu 2006, umene cilango cake cingafike pa kumangidwa. Wopezeka wolakwa kukhoti amakhala ndi mbiri ya mlandu, cimene ndi cinthu cacikulu kwa munthu wogwira nchito ya unamwino kapena yosamalira okalamba, komanso kwa amene akupempha cilolezo cokhala m'dzikolo.

Amene amabvutika koposa ndi mwini khadi. Likalandidwa cifukwa ca mwana kapena mdzukulu, gogo amene analibe mlandu ndiye amatsala wopanda coimikira pafupi ndi cipatala. Khonsolo iri ndi mphamvu yocotsa cilolezo kotheratu pamene papezeka mlandu wotsimikizika kukhoti wokhudza khadilo.

Kulemala kosaoneka ndi maso

Kusintha kwa mu 2019 kunatsegulira khomo anthu odwala matenda monga oiwalaiwala a muukalamba, autism ndi matenda ena a maganizo, ngati matendawo amapangitsa ulendo kukhala woopsa kapena wosautsa kwambiri. Mwana amene angathawire mumseu mwadzidzidzi osazindikira ngozi ndi citsanzo cimodzi. Ngakhale kusinthaku kusanacitike, odwala mtima kapena mapapo amene amabanika atayenda pang'ono ankapatsidwa kale zilolezo.

Motero munthu angatsike m'galimoto akuyenda ndi miyendo yake iwiri, wopanda ndodo, koma ali mwini khadi weniweni. Winanso angakhale atabwera kudzatenga wolemala amene ali m'kati mwa nyumba. Kumukalipira munthu wotere pagulu ndi kumuonjezera mtolo. Amene akukayikira kuti khadi likugwiritsidwa nchito mwacinyengo ayenera kudziwitsa khonsolo, imene iri ndi kaundula ndi mphamvu yofufuza, m'malo moyamba mkangano pamalo oimikapo magalimoto.

Za apaulendo

Mphamvu ya Blue Badge imacokera m'malamulo a Britain. Maiko ena a ku Ulaya amalivomereza, koma dziko lirilonse liri ndi malamulo ake a kumene munthu angaimike, ndipo woyenda ayenera kufufuza asananyamuke. Mu 2024 bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo lakuti pakhale khadi limodzi loimikira galimoto la olemala lozindikirika m'maiko onse a bungwelo, koma Britain anaturukamo m'bungweli mu 2020.

Kholo lolemala locokera ku Zambia kukaceza kwa ana ake ku Britain silingagwiritse nchito khadi la munthu wina wa m'nyumbamo. Coyenera kucita ndi kufunsa khonsolo ya deralo, ulendo usanayambe, za thandizo limene ingapereke kwa mlendo wotere.

Mmene ziriri m'dziko muno

Dziko la Zambia linavomereza mu 2010 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala, limene linakhazikitsidwa mu 2006. Gawo 9 la panganolo limalamula maiko kucotsa zopinga zimene zimalepheretsa olemala kufika m'nyumba, pamiseu ndi pa zoyendera mofanana ndi anthu ena. Potsatira izi nyumba ya malamulo inapanga lamulo la Persons with Disabilities Act nambala 6 la mu 2012, limene linalowa m'malo mwa lamulo la mu 1996.

Pansi pa lamuloli bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities limasunga kaundula wa anthu olemala ndipo limapereka khadi lozindikiritsa munthu amene walembetsa. Bungweli liri ndi mphamvu yolamula mwini nyumba imene anthu onse amalowamo kuti aikonze ngati olemala sangathe kufikamo. Khadi la bungweli ndi losiyana ndi Blue Badge, ndipo lirilonse limagwira nchito malinga ndi malamulo a dziko limene linalipereka.

Kafukufuku wa dziko lonse wa za kulemala amene anacitika mu 2015 anapeza kuti anthu akuluakulu pafupifupi 11 mwa 100 alionse m'dziko la Zambia ali ndi kulemala kwa mtundu wina, pamene pakati pa ana a zaka 2 mpaka 17 ciwerengeroco cinali coposa pang'ono 4 mwa 100. Ambiri mwa anthu amenewa alibe magalimoto aoao, koma amanyamulidwa ndi abale, anansi ndi matakisi popita ku cipatala, ku banki ndi ku maofesi a boma. Malo opatulidwa pakhomo amathandiza iwowa mofanana ndi amene amadziyendetsa okha.

Woyendetsa wamphamvu amene aimika pamalo otere kawirikawiri amanena kuti sacedwa, angotenga kanthu kamodzi. Wolemala amene afika mkati mwa mphindi zimenezo sadziwa kuti galimotoyo icoka liti, ndipo alibe malo ena amene angatsegulirepo citseko mokwanira. Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ngozi ya pamseu, sitiroko ndi matenda a shuga zimalemaza anthu amene dzulo lake ankayenda bwinobwino, ndipo malo amene lero munthu akuwalanda ndi omwewo amene angadzawafune akadzayamba kunyamulidwa ndi ana ake.